Ndinakusiya pa Shaktoolik

Usiku wachisanu ndi chitatu ndinagwada pa chipale,
tochi ili pamphumi, golovesi nditaluma m'kamwa,
ndikuwerenga mapazi.
Agalu khumi ndi mmodzi, mapazi makumi anayi ndi anayi,
lililonse ndi kasokosi kake.
Lako lakumanzere, Tulugak, linali lotentha ngati khala.

Sunalire. Si iwe galu wolira.
Unandinyambita chala, n'kuponya maso kunyanja youndana
kumene mphepo inkasesa njira
ngati munthu wobisa mapazi a wakuba.

Dokotala wa ziweto anapinda mwendo wako kawiri,
kachitatu anandiyang'ana osanena kanthu.
Ndinasaina pepala ndi dzanja losamva cholembera.
Dzina langa linatuluka lokhotakhota, la munthu wina.

Hilma, mayi wa m'mudzimo, anabwera ndi udzu wouma
ndi mutu wa nsomba m'chitini.
Anati, "Pita. Ndagonekapo agalu ambiri pakhonde langa.
Ndege ikabwera Lachinayi ndimukweza ndekha."
Ndinamasula chingwe pakhosi pako.
Chinalemera kuposa chileyi chonse.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuona dziko
kudzera pakati pa makutu ako awiri.
Pa mtsinje wa Yukon tulo titandiba ndili chiimire,
ndikuona nyumba zoyaka magetsi pomwe panalibe nyumba,
ndiwe unadziwa kuti ayezi wakumanja ndi wabodza.
Unakana mawu anga. Ndinakutukwana.
M'mawa tinaona dzenje lakuda likufuka nthunzi
pamene ndinkafuna kuti tidutse.

Tsopano kutsogolo ndaikako Minto,
kamtsikana ka zaka ziwiri, kopanda ulemu,
kamene kamaba nyama m'mbale ya mnzake
n'kumagwedeza mchira ngati kachita zabwino.
Kanatembenuka kukufunafuna.
Kenaka kanakoka.

Makilomita makumi asanu ndi atatu a nyanja yogona.
Kulibe mtengo, kulibe phiri, kulibe khwangwala.
Kuli mbee pansi, mbee kumwamba,
ndi timitengo ta chizindikiro tothawana mumdima.
Nsidze zanga zamatana ndi chisanu.
Ndikumva kupuma kwa agalu khumi, hefu hefu,
ndipo khutu langa likusakabe wa khumi ndi mmodzi.

Pakati pa usiku mphepo inagwa mphwayi.
Thambo linang'ambika, kuwala kobiriwira kunayamba kuvina,
koma ine ndinalibe nako ntchito.
Ndinkayang'ana Minto atasochera pang'ono,
mphuno pansi, mchira uli njenjenje,
mpaka anaipeza yekha njira ija.
Ndinafuna kufuula dzina lake.
Pakamwa panatuluka lako.

Akuti amene ali patsogolo pathu afika kale ku Nome,
adya, asamba, ajambulitsa.
Zikomo, awine.
Ine ndikuwiritsa chipale mumphika pa Koyuk,
ndikuduladula mafuta oundana ndi nkhwangwa,
ndipo ndapezeka nditayala mbale khumi ndi imodzi.

Yotsalayo ndaipatsa Minto.
Wadya osathokoza, wadzipinda pa udzu,
mphuno yabisala kumchira monga umachitira iwe.
Mawa tidzuka nyenyezi zisanazime.
Kasokosi kako kofiira kali m'thumba langa lamkati,
pafupi ndi machesi, pamene sipafika chisanu.