Mndandanda wa Lolemba

Lolemba lililonse ikangokwana naini koloko
Yotamu amatulutsa mndandanda wake
ali pa kauntala ya mabasi ku Park Station,
dzanja lina pa foni, lina pa lisiti ya katundu wopita ku Mzimba.
Matimu khumi ndi awiri.
Pakati pathu palibe amene adagwirapo ndodo ya besibolo.

Pamwamba, sabata yachitatu tsopano,
pali Mabingu a Mayfair, timu ya Rashidi telala.
Yotamu walemba: "Awa akumeza osatafuna."
Rashidi malamulo sawadziwa,
osewera adawasankha poyang'ana ndevu,
koma omenya ake akungotayira mpira kuseri kwa mpanda
ngati madzi otsukira mbale.

Wachiwiri ndi Nasibeko wa saluni ku Yeoville,
wakwera masitepe anayi.
Woponya wamanzere uja adamulanda kwa Lwandile
posinthanitsa ndi osewera awiri otsimphina
ndi lonjezo lometa ulere.
Mpaka lero Lwandile sayankha moni.

Ine?
Tsikani. Tsikanibe.
Dutsani Njuchi za Turffontein,
dutsani Efraimu amene adaiwala pasiwedi mwezi wa Meyi
koma akadali pa nambala seveni.
Apo, pa leveni: Alonda a Booysens.
Ndemanga yake mawu atatu basi:
"Agona pa ntchito."

Yotamu mphwanga, ine sindigona.
Masewerawa amayamba wani koloko usiku
Joni yense atafunda mabulangete,
ine ndili m'kanyumba ka pageti ya fakitale ya matailosi,
hita ya waya umodzi, tiyi wozizira m'fulasiki,
kuyang'ana timanambala tikusintha ngati mita ya magetsi.
Chisanu cha Julayi chimalowa mpaka m'mano.

Ndidamuona ndi maso angawa woponya wanga
atagwira chigongono, akutuluka m'bwalo mwapang'onopang'ono
mumzinda umene dzina lake lilime langa limakana.
Ululu ndidaumva kuno,
pa mkono umene ndimagwirira tochi.
Iye sadziwa kuti ndilipo.
Malipiro ake a mwezi umodzi angagule geti ino, kanyumba aka,
galu wa abwana, ndi ine ndemwe,
komabe ndidamutchula m'pemphero
pambuyo pa ana, patsogolo pa lendi.

Lachinayi magetsi adazima, foni idafa,
ndipo mnyamata amene ndidamusiya pa benchi
adatulutsa mpira kunja kawiri usiku umodzi.
Mapointi onsewo adapita ndi mdima.

Mayi a ana adaimba kuchokera ku Ntcheu:
"Nanga mukapambana mudzapata chiyani?"
Ndidati tidasonkha marandi fifite aliyense,
wopambana atenga zonse ndi mutu wa mbuzi.
Adaseka mpaka mayunitsi kutha:
"Ndiye mudapita ku Joni kukaweta anthu a m'foni?"

Koma pansi panga pali timu ina.
Nambala thwelofu, Akamba a Rosettenville, ya Chikaiko.
Adamugwira mu Juni pa Bree, atanyamula buledi,
mapepala atatha.
Tidamva za Lindela, kenako za basi,
kenako zii.
Osewera ake amalowabe m'bwalo usiku uliwonse
momwe adawasiyira,
awiri ovulala, mmodzi adapuma kale,
popanda wowasintha, popanda wowakalipira.
Lwandile adati tiifute timuyo, ikuononga mpikisano.
Yotamu adakana.
Pafupi ndi dzinalo salemba zachipongwe.
Lolemba lililonse amalemba liwu limodzi lomwelo:
"Tikudikira."

Sabata ino ndikumana ndi Akambawo.
Aliyense akuti ndi nyama yogwa yokha,
ndikwera mpaka naini, mwina eyiti.

Kunja kukucha, mataxi ayamba kulira pa msewu,
wondilandira ntchito akubwera uko ndi chipewa chake chaubweya.
Mnyamata wanga womenya bwino uja
ndamubwezeranso pa benchi.
Yotamu akafunsa,
ndidzati magetsi.