Muvi Woloza Pansi

Pa bolodi ndajambula zipinda zinayi,
mzinda wonse wa Lima ndaulowetsamo.
M'choyamba muli amene mpweya sunawapereke kwa adani.
M'chachiwiri, amene kachilombo kagona m'mapapo mwawo
ngati mlendo wosalipira lendi,
zaka khumi mwina osatembenuka n'komwe.
M'chachitatu mukumveka chifuwa.
Chachinayi n'cha ochira,
koma chitseko chake ndasiya chosakhoma
poti ena amabwerera.

Pakati pa zipindazo ndaika mivi,
muvi uliwonse ndi chilembo chake chachigiriki.
Pulofesa Arrieta akuti masamu anga ndi aukhondo.
Sindinawauze kuti muvi uja wotuluka m'chipinda chachitatu,
woloza pansi, wosalowa paliponse,
ndimaudziwa dzina.
Ndi Eleuterio Ccahuana, bambo anga,
dalaivala wa minibasi ya ku San Juan de Lurigancho,
zaka makumi awiri ndi zitatu pa chiwongolero,
mazenera ali tseke chifukwa cha nkhungu ya mu Julaye,
anthu makumi awiri akubwerekana mpweya umodzi.

Mankhwala anali a miyezi isanu ndi umodzi.
Anamwa itatu, thupi linabwerera, lamba anayambanso kuthina.
Chipatala chinkatsekula eyiti koloko,
pamene minibasi inkadzaza tambala asanalire.
Anasankha minibasi.
M'masamu anga kusankha kumeneko
ndi kanambala kakang'ono, kotsogozedwa ndi ziro ndi kadontho.

Usiku kompyuta imalira ngati udzudzu,
ine n'kumaifunsa mafunso a mwana.
Nanga namwino Nélida atamakwera yekha masitepe a m'phiri
mapiritsi ali m'chikwama?
Mzere ukuwerama pang'ono.
Nanga makhololo atamayezedwa sabata yoyamba,
osadikira magazi pa mpango?
Ukuweramanso.
Nanga mazenera onse atatsekulidwa?

Chomwe ndikusaka ndi nambala imodzi yokha:
wodwala mmodzi amasiyira anthu angati.
Ikaposa wani, moto ukulumpha madenga.
Ikachepera wani, moto ukudya nkhuni zake zomaliza.
Namwino payekha sakuitsitsa mokwanira.
Zenera palokha, ayi.
Zonse pamodzi, cha m'ma fili koloko m'bandakucha,
yatsika pansi pa wani
ndi mpata wosalowa ngakhale tsitsi.
Mzere ukukafika pansi m'chaka chimene ine
ndidzakhale ndilibe mano.

Koma masamuwa ndinawanamiza poyamba pomwe.
Ndinawauza kuti anthu amasakanikirana mofanana
ngati shuga m'kapu ya tiyi.
Bodza.
Chifuwa chachikulu chimadziwa keyala.
Ku Miraflores chimangodutsa,
kwathu chimavula nsapato,
n'kugona pakati pa anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi.
Ndipo ndilibe chilembo cha manyazi,
a mayi anga pouza aneba kuti ndi mphumu chabe,
n'kumatsuka kapu ya bambo payokha, usiku, anthu atagona.
Inenso sindidziwa chipinda changa.
Mwina chachiwiri. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kwacha. Ndakwera minibasi yopita ku yunivesite,
mapepala ali pachifuwa.
Kumbuyo wina watsokomola, kouma, kawiri,
kenaka kachitatu kochokera pansi penipeni.
Tonse tayang'ana mafoni athu.
Ndagwira zenera. Lachita dzimbiri, likukana.
Kondakitala akuti, Mayi, kukuzizira,
mukufuna mutidwalitse?
Mnyamata wa yunifolomu ya sukulu
waika chikhatho chake pafupi ndi changa,
takankha, lalira,
latsekuka zala ziwiri.

Zala ziwiri.
Ndinawerengera kale, ndikudziwa kuti sizikwanira.
Nkhungu ikulowa, ikunyowetsa tsamba loyamba,
inki ya muvi uja yayamba kuyenderera.
Dzanja ndalisiya pomwepo
mpaka pa siteji yanga.