Chozondoka

Ntchito yanga ndi kuwerama.
Ndimagwira mpira pansi, n'kusuzumira pakati pa miyendo yanga,
ndipo Nebraska yense ndimamuona chozondoka:
nkhokwe zachitsulo zikulendewera m'mwamba,
mitambo ili pansi ngati thonje lotayika.

Zaka zitatu ndinawerama pansi pa Bambo Haugland,
munthu wa mawu ochepa ndi khofi wozizira.
Chiphunzitso chawo chinali chimodzi:
mpira si mbalame, malo ake ndi pamimba.
Mpatseni Odom, mumung'ambire kanjira.
Mayadi atatu, fumbi, dzukani.
Mayadi atatu, magazi m'mphuno, dzukani.
Chaka chatha tinapambana kawiri,
ndipo kamodzi mwa kawiriko
theka la timu inayo linali chigonere ndi chimfine.

Mu Ogasiti munabwera Prochaska,
wamng'ono kwa achimwene anga, tabuleti m'khwapa.
Anafufuta bolodi ndi mkono wa malaya
nati, kuyambira lero zogundanitsa mitu n'kumanong'onezana zatha.
Masekondi khumi ndi awiri, mpira ukhale uli m'malere.
Owakha anayi amwazikane mpaka m'mphepete mwa bwalo
ngati abale olimbirana chuma cha masiye.

Kumalo odyera a Mayi Tvrdy alimi anagawikana.
Wa tirakitala yobiriwira anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Wogulitsa feteleza anati kuthamanga sikufika.
Palibe anandifunsa ine,
wa makilogalamu zana ndi makumi atatu,
amene ndinayenera kuthamangako.

Lachisanu loyamba ndinasanza kawiri m'chisoti.
Ndinaponya mpira kudutsa pamutu pa Lindqvist,
iye n'kuuthamangira ngati chipewa chouluzika ndi mphepo.
Makumi anayi ndi chimodzi kwa zisanu ndi chimodzi.
M'basi pobwerera Odom ankangoyang'ana zikhatho zake,
zoyera, zosagwira kanthu usiku wonse.

Sabata yachitatu mpira unayamba kupeza manja.
Yachinayi ndinamva chinthu chachilendo:
chimunthu cha kutsidya kwa mzere chikupuma mwabefu kuposa ine.
Ndinamwetulira, mutu uli pansi, palibe anaona.

Kenako Novembala, mphepo yochokera ku Dakota,
chipale chikugwa cham'mbali.
Chilichonse Lindqvist waponya chikubwerera ngati kalata yopanda sitampa.
Tabuleti inazima ndi chisanu.
Prochaska anaigwedeza, anaipumira mpweya, anaibisa m'jekete,
kenako anakweza maso
n'kuona zomwe ine ndinali nditaona kale pansipo:
adani onse athamangira m'mbali kukalondera owakha athu,
pakati pangotsala bwalo la mbee.

Anakuwa dzina limodzi.

Ndinakankha munthu wanga ngati chitseko cha khola,
Odom anadutsa pambali pa khutu langa,
ndinamva nsapato zake zokha, phwa phwa phwa,
mayadi makumi asanu ndi limodzi.
Sewero la Bambo Haugland lenileni,
koma khomo analitsegula ndi mnyamata wa tabuleti.

Akuti mkuluyo anali m'galimoto yake kuseri kwa mpanda,
injini ikulira, ndipo analiza hutala kamodzi.
Ena akuti chinali chigongono chabe, ankafuna kutola kapu.

Tatseka chaka ndi zinayi zopambana, zisanu zogonja.
Kwa Mayi Tvrdy mkangano sunathe:
wina akuti zinayi zimaposa ziwiri,
wina akuti zisanu ndi zisanu basi.
Mawondo anga ali ndi maganizo awoawo.

Dzulo Prochaska wandipatsa buku la chaka chamawa,
lonenepa kuposa la chaka chino, mivi yokhayokha.
Ndinalitsegula patebulo la kukhitchini, osamvapo kanthu.
Mlongo wanga podutsa anati, walizondotsa.
Ndinati lisiye choncho,
ndi mmene ndidzalionere.