Leza Mtima

Basi yanditsitsa pa London Road,
mvula ya ku Leicester ikungowaza ngati yokakamizidwa.
Ndachokera ku naiti, maso ali psuu,
mapaundi zana ndi makumi asanu ndi atatu
ndawapinda kuseri kwa foni.

Anayambitsa ndi Bambo Whitlock a m'chipinda chakumapeto.
Ndikuwamwetsa phala m'mawa wina,
ananyowetsa mpango ndi malovu
n'kuyamba kundipukuta patsaya
mosamala, ngati ndine mwana wawo.
Sizikuchoka, anatero, atakhumudwa.
Ndinaseka nawo.
Kulira ndinakalirira kochapira,
makina akutembenuza zofunda za eni.

Mawangawa ndimawadziwa ndi mayina.
La pachipumi ndi mimba ya Tinyade.
Awiri a m'masaya ndinachita kugula ndekha
mumsika wa Limbe, ndili namwali,
kabotolo kopanda dzina,
wogulitsa akulumbira pali malemu bambo ake
kuti pofika Khirisimasi ndidzapsa ngati papaya.
Ndinapsadi, miyezi inayi.
Kenako khungu linabwera kudzalonjerera ngongole yake.

Mtsikana wa pakiliniki, Harleen,
masabata awiri apitawo anayesa kaye kuseri kwa khutu.
Akuti khungu lakuda silichedwa kukwiya,
ukalipsereza limabwezera ndi banga loposa loyamba.
Ndinati, ndikulidziwa, ndakhala nalo.

Makinawo akuti dzina lake ndi leza.
Ndinaseka mpaka anandifunsa.
Ndimuuze bwanji kuti kwathu Leza
ndi mwini uta wa m'mitambo, mwini mphezi,
kuti lezala ndiye ankatema mphini pamsana pa atsibweni,
kuti leza mtima ndi mawu amene amayi ankandiuza
ndikafinya chiphuphu chisanapse?

Wandiveka magalasi akuda bii.
Ndagona chagada, manja pamimba.
Thwa! Thwa! Thwa!
Ngati mwana wamwano akundilasa ndi mphira wa legeni
pamalo amodzimodzi.
Kafungo ka tsitsi lowauka.
Mpweya wozizira ukutsatira pambuyo, kupepesa.
Ndikuwerenga chamumtima:
apa ndi mashifiti awiri,
apa ndi fizi ya mwana wa achimwene ku Ntcheu
imene ndanama kuti ichedwa.

Ayamba ada kaye, akutero Harleen,
musakande, musasende,
adzayoyoka okha ngati mwaye.
Kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mwinanso osatheratu.
Ndipo mafuta oteteza ku dzuwa, tsiku lililonse.
Dzuwa liti? ndafunsa, ndikuloza pawindo.
Sanaseke. Akuti limadutsa ngakhale m'mitambo,
lofooka lomweli, la mu Febuluwale.

Wabweretsa kalilole wokulitsa,
cholembera choyera chikuzungulira kadontho
kamunsi mwa diso lamanzere.
Aka n'kosavuta, akuti, kamodzi kokha katha.
Ndamugwira dzanja.
Ako ayi.
Amayi anali nako pomwepo,
ndipo pamaliro awo sindinapite,
mapepala anali asanatuluke.
Ndinaonera pafoni, netiweki ikuduladula,
nkhope yawo ndinaiona theka.

Harleen wafufuta mzere wake ndi thonje.
Sanafunse.

Madzulo Tinyade wandiyang'ana nthawi yaitali,
supuni ili m'kamwa.
Mwachita kuti muyere? wafunsa m'Chichewa chake chopunduka.
Ayi, mwanawe. Kuyera ndinayesa kale.
Ndikungofuna mtundu wanga ubwerere
wonse pamodzi, tsaya lifanane ndi khosi.
Wagwedeza mutu, sindikudziwa ngati wamva.

Lachinayi ndabwerera ku ntchito,
masaya ada kuposa kale, akuyabwa.
Bambo Whitlock andiyang'anitsitsa,
dzanja likufufuza mpango m'thumba la gawuni.
Ndawagwira chala, ndati lezani mtima, bambo,
m'chilankhulo chimene sachidziwa,
ndipo atsegula pakamwa kulandira phala.