Munandituma Mavesi

Munandituma mavesi, a Mukhiwa,
asanu, aafupi, osavuta kuloweza,
oti mukawanene Lamulungu ku Thekerani
abusa akakupatsani mphindi ziwiri za alendo.
Ndachezera nalo Buku, koloboyi akufuka,
koma pepala langa likadali mbuu.

Anthu amenewa ndimawadziwa.
Ndathyola nawo tiyi zaka khumi ndi zinayi,
chiperoni chikuboola mafupa,
dengu litakakamira kumsana ngati mwana wokana kutsika.
Mavesi ali nawo kale.
Mukaphonya liwu limodzi, mayi Namakhwa adzakukonzani
chamumtima, maso ali pansi.

Mwati mukadzudzule masiketi aafupi ndi kachasu.
Adzaomba m'manja, inde,
ife timaombera ngakhale mlendo woimba mokhota.
Koma potuluka adzanong'onezana:
kodi si galimoto lawo lija
linagawa timabotolo kwa anyamata pa Luchenza
kuti akagende msonkhano wa anzawo?
Mmodzi mwa anyamatawo ndi wa mayi wa pabenchi yoyamba.
Anamusoka masitichi asanu ndi awiri pachipumi.

Makhalidwe kuno amayambira pa sikelo.
Kalaliki akadya makilo awiri pa dengu lililonse
ndiye tchimo limene timalidziwa kulemera kwake.
Amayambira pa malata makumi anayi amene munalonjeza chisankho chatha;
anabwera khumi ndi awiri,
ndipo mvula imagwerabe mbali ya kwaya.

Ndiye pali Felesiya.
Sitandade seveni, mutu wakuthwa pa masamu.
Mimba ndi ya tcheyamani wathu wa dera,
yemwe dzulo amakunyamulirani chikwama.
Nkhani inathera pa mbuzi ndi thumba la feteleza.
Mpingo wonse ukudziwa.
Inu mukakwera pa gome kunena za banja loyera,
iye adzakhala panja, pansi pa mpeyala,
poti anamuimitsa kudya mgonero.
Tcheyamani adzakhala pambali panu, atavala tayi.

Mukufunadi mavoti a Akhristu?
Bwerani Lachitatu, kulibe kwaya, kulibe wojambula.
Khalani kumbuyo, pa njerwa.
Pa maliro gwirani fosholo, chimkuzamawu chisiyeni.
Envelopu yanu isalire kuposa makobiri a mkazi wamasiye.
Ndipo mukafunsidwa za malata musati "tikuunikabe";
nenani kuti ndinanama.
Mawu amenewo sanamvekepo kuchokera pa nsanja ya chipani,
mwina nkhungu ya pa phiri ingayambe kuyalula.

Sindikulonjeza kuti mudzapambana.
Ena adzavoterabe nsalu ndi sopo,
njala sipita ku kalasi ya ubatizo.
Inenso ndine wa chipani, khadi ili m'Buku momwemu,
pakati pa masamba amene ndimawerengera odwala.

Kwacha tsopano. Belu la ku esiteti lalira.
Papepala paja ndalembapo mzere umodzi wokha,
si vesi ayi:
dzina la Felesiya, ndi mudzi wa amayi ake.
Yambirani kumeneko.
Mukapita, tcheyamani mumusiye.