Mlonda Sali pa Fomu

Anabwera Lachiwiri pa njinga yamoto,
fumbi la msewu wa ku Lifuwu lili m'nsidze,
mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Tawina,
chikwama chodzaza mafomu.
Akuti akufufuza ngati matabuleti
asintha maphunziro pa sukulu yathu ino.

Anakhala mu ofesi ndi a hedi, a Kamtambo.
Ine ndili pakhonde, ndikusoka nsapato yanga,
mawu akutulukira pa zenera losweka lija.
"Zipangizozi zimagwira ntchito kangati?
Sankhani: nthawi zonse, kawirikawiri, mwa apo ndi apo."
A hedi anatsokomola.
Anasankha kawirikawiri.

Ine mlonda sindili pa fomu.
Pali malo a mphunzitsi, a kholo, a mwana,
koma wogona pansi pa sola
ndi chibonga ndi udzudzu
alibe kabokosi kochongamo.

Akanandifunsa ndikanati:
matabuleti alipo makumi anayi,
ana mazana asanu ndi limodzi,
kiyi wa kabati mmodzi yekha,
ndipo tsiku la malipiro amapita ndi a hedi ku Boma
kukaima pa mzere wa ku banki.
Tsiku limenelo wophunzira kuwerenga
ndi mdima wa m'kabati.

Ndikanati: mpunga ukayamba kucha
Sitandade 4 imatha ngati madzi m'lichero.
Ana ali ku sikimu kupirikitsa mpheta,
zitini zikulira kuyambira mbandakucha.
Palibe makina amene anaitanapo dzina
mwana n'kuvomera ali m'matope.
Amawalondola ndi Madamu Nasibeko,
chitenje chokwinyira m'mawondo, kaundula m'khwapa,
kukanyengerera makolo m'mphepete mwa ngalande.

Komabe ndisaname, Mulungu akundiona.
Ndinaona ndi maso angawa
Zainabu, uja sankatsegula pakamwa m'kalasi,
chala chikunjenjemera pa galasi,
akutsata chilembo.
Analakwa. Makina sanamuseke.
Analakwanso. Sanatope naye.
Kachisanu ndi chiwiri anamuuza kuti wakhoza.
Patapita miyezi anaima pa geti
nandiwerengera chikwangwani
chimene ndachilondera zaka khumi ndi zitatu,
nati, "Agogo, dzina la mudzi wathu analilemba molakwika."

Pochoka, foni ya mlendo inali itazima.
Anandipeza ndili pa makwerero
ndikupukuta sola ndi malaya akale,
poti fumbi ndi zitosi za akhwangwala
zimadya magetsi kuposa ana.
"Anakutumani ndani?"
Ndinati palibe, mayi,
ndinangoona kuti batire likumatha dzuwa lili pamutu.
Anayang'ana fomu, kutsogolo kodzaza kale,
anaitembenuza,
nayamba kulemba kumbuyo kopanda mizere.
Anafunsa za kiyi. Anafunsa za mpheta.
Anafunsa ngati ine ndinapitako ku sukulu,
ndinati ndinalekeza pamene bambo anagulitsa ng'ombe yomaliza.
Zimenezo sanalembe, anangogwira cholembera.
Tinacheza mpaka mwana wina anamenya chitsulo choweruka.

Lipoti lake kaya lili kuti.
Mwina lili m'kabati ina ku Lilongwe,
nayonso ya kiyi mmodzi.
Mwina wina analiwerenga akudikira tiyi.
Chimene ndikudziwa n'chakuti a hedi
anamva zonse pa zenera losweka lomwe lija,
sanandilonjere masiku atatu,
kenako anaitanitsa komiti.
Anasonkha. Wina anapereka mbale ya mpunga.
Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Salima
kukadulitsa kiyi wachiwiri.

Ali pa chingwe, m'khosi mwa Madamu Nasibeko.

Lero ndi tsiku la malipiro. A hedi kulibe.
Denga la Sitandade 2 likudonthabe,
mabenchi sanabwere,
malipiro anga a mwezi watha sindinawaone.
Koma ndili pano pa geti,
pansi pa chikwangwani cholakwika,
ndikumva timawu makumi anayi
tikufunsa ana mosatopa:
ichi ndi chilembo chanji?