Phazi Limodzi ndi Theka

Wopima malo anabwera Lachiwiri, pa kabaza,
chitsulo chake cha miyendo itatu chili kumsana.
Anabwereka khasu lathu lomwe,
nakumba pangodya ya kuvuma
mpaka anagunda bikoni, kasimenti kodyekadyeka.
"Mayi, malo anu athera apa."

Mtengo wa mango uli kunja,
ndi phazi limodzi ndi theka.
Zaka makumi atatu takhala tikudya za eni
n'kumathamangitsa ana a eni akewo.

Ku ofesi ya zamalo fayilo inapezeka ulendo wachitatu,
yofiirira, yonunkha mphemvu.
Kalaliki anaika chala pa dzina.
Pa chikalata cha nyumba: Sumani Mdoka.
Pa chikalata cha imfa: Usumani.
"Awa ndi anthu awiri," anatero, osaseka.
Ndinati ndi mmodzi,
telala wa pakhonde la sitolo, kufupi ndi wotchi yaitali ija,
ndinkamumwetsa phala ndine m'chipatala.
"Kalumbireni kwa loya."
Ndinalipira ndalama
kuti ndilumbire kuti bambo anga anali bambo anga.

Ndiye misonkho.
Wa kukhonsolo, zaka zisanu ndi chimodzi.
Lendi ya nthaka, yomwe sindinkadziwa n'komwe kuti iliko.
Bambo ankasunga malisiti m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi mabatani;
lomaliza ndi la chaka chomwe maso awo anagwa nkhungu.

Tilipo anayi, ndipo lamulo limadziwa kuwerenga.
Twaibu anasayina ku Namwera, pa chishalo cha njinga.
Asiyatu anadinda chala, nachipukutira pa chitenje,
buluu wakeyo sanachoke mpaka lero.
Jafali anakana miyezi itatu,
foni osayankha, pamaliro osandipatsa moni.
Tsiku lina anangofika m'mamawa:
"Ndalama mugawane. Ine mundipatse makina osokera."
Anawasenza yekha, osatsanzika.

Wogula sanapondepo pano.
Ndi mnyamata wa kwa Mpondasi, ali ku Joni,
amawotcherera zitsulo kumeneko.
Nyumba anaionera pa foni:
"Kwezani pang'ono ndione malata.
Tsegulani mpopi.
Mng'alu uwo ndi wa liti?"
Ndinati ndi wa chivomezi.
Ndi wa tsiku lomwe Jafali anamenyetsa chitseko.

Mlongo wake ndiye anabwera ndi kalata yomupatsa mphamvu.
Tinakhala moyang'anizana kwa a Nkhwazi, loya,
fani ikutembenuza mapepala tisanawawerenge.
"Palibe ngongole ya kubanki?"
Palibe.
"Sinaikidwepo chikole?"
Ayi.
"Palibe wina amene angadzati ndi yake?"
Ndinaganiza za mchombo wanga
womwe mayi anakwirira kuseri kwa bafa,
za mizere ya choko cha telala pa felemu ya chitseko
pomwe ankatiyeza msinkhu tikamasula Ramadani.
Pa fomu panalibe mpata wa zimenezo.
Ndinati palibe.

Masamba atatu, siginecha zitatu,
mboni ziwiri, chidindo chimodzi,
phaa!
ngati munthu wapha udzudzu pa tebulo.

Ndalama zinagona kwa loya masabata asanu ndi awiri
kudikira chilolezo cha boma.
Uthenga unandipeza mumsika, ndikunenerera tomato.
Ndinawerenga maziro kawiri.
Tomato ndinagula pa mtengo womwe mayiyo ananena.

Loweruka ndinapereka makiyi.
Asanu.
Mtsikana uja anafunsa za kakang'onoko.
Ndinati sindikudziwa chomwe kamatsegula,
ndipo ndi zoona,
bambo anapita nacho chinsinsicho.

Potuluka ndinadumpha bikoni ija.
Phazi limodzi, ndi theka.
Ndinaima pansi pa mtengo.
Pa chikalata palibepo,
sunali wathu,
choncho sindinaugulitse.

Ndinathyola mango awiri, osapsa bwino,
ndi kuyamba kudya limodzi
ndikudikira kabaza wopita kudepoti.